Misoti ya a Nangozo ndi Ulendo wa ku Dedza

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, ine ndisanawapemphe n'komwe. Ndinali nditamaliza kwarta kalasi, kalasi yachinayi, kusukulu ya ansembe kwathu ku Lifidzi, ndipo zoti ndipitirize maphunziro zinali zitalephereka. Ndinangokhala pakhomo, kupalira nyemba, kusinja, kutunga madzi, koma mtima wanga sunali pamenepo. Ndikayamba kukonola ndinkasiyira pakati n'kukaima kumsewu. Amayi ankati ndikuchita ngati thadzi losowa poikira dzira. Azakhali ankagulitsa nyemba kumsika wa ku Ulongwe, kumene masiku amenewo tinkangoti ku Vila, ndipo anauza amayi kuti mtsikana wotereyu mukamuumiriza pakhomo adzakubweretserani milandu, ndi bwino akagwire ntchito. Anali atamva kuti mayi wina amene ankawagula nyemba akufuna mtsikana.

Ine ndinkayesa ndi ntchito ya m'nyumba, kusita ndi kukolopa, choncho ndinavala chovala changa cha Lamulungu. Titafika, mayi aja sanatilowetse m'nyumba. Anatizungulitsa kuseri, kumpanda wa bango ndi waya, kumene kunali nkhuku zambiri zimene ndinali ndisanazionepo pakhomo limodzi. Zina zinali zathu zachikuda, koma zochuluka zinali zoyera mbee, zija tinkati zachizungu. Mayiwo anali a Nangozo, afupi, a mapewa otambalala, osakonda kuyankhula. Amuna awo, a Domingo, ankagwira ntchito kuchipatala yobaya ndi kumanga zilonda, ndipo anthu onse ankangowatchula kuti a Ferumeru. Ana awo anali atakula n'kuchoka. A Nangozo anatola thadzi limodzi n'kundipatsa kuti ndigwire. Ndinaligwira monga tinkagwirira kwathu, mapiko onse m'dzanja limodzi. Anandilanda, naika chikhatho pansi pa mimba yake, miyendo ili pakati pa zala, dzanja lina lili pamsana.

"Usaifinye pachifuwa," anatero. "Ikasowa mpweya imafera m'manja mwako uli kuiyang'ana."

Anandibwezera, ndinagwira mmene anandisonyezera, thadzi lija n'kukhala phee. Anauza azakhali kuti ndiyambe m'mawa mwake, ndipo ndibwere ndi nsalu yakutha.

Ntchito inali yosatha. Kukacha ndinkasesa m'makola, zitosi n'kukathira kudimba. Ndinkatsuka zomwera, zimene zinali zitini za mafuta a nyale zodulidwa pakati, m'mphepete mwake mopindidwa ndi hamala kuti zisacheke nkhuku. Chakudya tinkasakaniza tokha pachikumba: madeya, misere, matemba osinja, ndi zikamba za mazira zowotcha n'kupera. Masana ndinkathyola bonongwe, chisoso ndi masamba a mpiru. Nthawi zina ndinkakavundikira mphika wa zitsononkho ndi ndowe pachulu, m'mawa mwake n'kukautenga utadzaza chiswe. Anapiye achizungu ankabwera m'makatoni pa machimbombo, basi ya ku Tete, ali ndi masiku ochepa, opanda make. Kuno kumapiri kukazizira kumazizira ndithu, choncho tinkawaikira mphika wa makala pakati, wovundikira ndi phale loboola, kuti azifunda osapsa. Za utitiri tinkathira phulusa ndi fodya wosinja m'zisa. Mazira ankapita kumaloja, masitolo a pa Vila, ndi kunyumba za Apwitikizi a m'maofesi.

Za kujomphana ndinaziphunzira ndi gulu loyamba la anapiye limene ndinalera. Atayamba kusintha nthenga, tsiku lina ndinaona kamodzi kataima pakona, kamsana kake konyowa, anzake akukatsatira kulikonse kumene kakupita. Ndinaitana a Nangozo. Sanadabwe. Anandiuza kuti nthenga ikamaphuka kumene imakhala ndi magazi m'tsinde mwake, ndiye imodzi ikathyoka, nkhuku zinzake zimaona kufiira. Nkhuku ikaona chofiira imajompha, ikalawa magazi sisiyanso, ndipo zina zimatengera pomwepo. Anati zimachitika kwambiri zikapanikizana, kukatentha, kukawala kwambiri m'khola, kapena chakudya chikakhala madeya okhaokha.

Anandisonyeza thandala m'kanyumba kosungiramo chakudya. Panali basiya yoyera yotsukiramo, thonje, tizola yaing'ono yometera, mchere m'kachitini, ndi botolo la viyoleta, mankhwala a zilonda aja amene amadetsa khungu n'kukhala ngati maluwa a jakaranda. Choyamba, anati, chotsa yovulalayo pakati pa zinzake, usadikire kumaliza chimene ukuchita. Tenthetsa madzi mpaka abwate, uwasiye afunde, uthire mchere pang'ono ngati wa m'ndiwo. Meta nthenga zomatirira kuzungulira bala. Nthenga yothyoka imene ikukha magazi uizule ndi tsinde lomwe, chifukwa ukaisiya siileka kukha. Tsuka ndi thonje kuchokera pakati pa bala kupita kunja, kanikiza pang'ono mpaka magazi aleke, kenaka paka viyoleta ndi nthenga yoyera mpaka kufiira konse kubisike. Ukatero uivundikire ndi dengu pamthunzi, madzi ali pafupi. Siibwerera kwa zinzake mpaka nkhanambo itauma n'kugwa. Pomaliza ufunefune yolakwa, imene mlomo wake uli ndi magazi, uitenthere nsonga ya mlomo wam'mwamba ndi mpeni wamoto, pang'ono chabe, kuti ubunthe.

Ndinazichita kangapo chaka chimenecho mpaka manja anazolowera. Koma kunena zoona mtima wanga sunakhazikike ngakhale kumeneko. Nyumba ya a Nangozo inali pafupi ndi msewu wopita ku Kalomwe, kumalire. Galimoto iliyonse yolowera uko ndinkaimva ndili m'khola, ndipo ndinkaima ndi tsache m'manja mpaka mkokomo wake utazirala. Anthu obwera kuchokera ku Dedza ankasimba za masitolo, za atsikana ophunzira kusoka pamakina, za Limbe ndi Blantyre. Ndinkadziona ndikukalamba ndi fungo la zitosi. Ndinali ndi kamtolo kanga, nsalu ziwiri ndi chovala cha Lamulungu chija, komanga kale, kali pansi pa mphasa.

Amene ankadziwa zimenezi anali mlongo wanga wamkulu, achimwene a Matiyasi. Iwo ankakonza njinga ndi kusoka nsapato pansi pa mtengo kumsika. Nkhondo inali itayandikira kumapiri kwathu. Asilikali anachuluka pa Vila, kuyenda kunafuna chikalata, ndipo anyamata a msinkhu wa achimwene ankalembedwa usilikali, afune asafune. Achimwene ananena poyera kunyumba kuti iwo sadzanyamula mfuti ya Mpwitikizi, ndipo dzina lawo likadzatuluka adzawoloka. Ndinawapempha kuti tsiku limenelo asadzandisiye. Poyamba ankaseka. Nditawavutitsa kwambiri analonjeza.

Chilimwe chimenecho tinali ndi gulu lalikulu la misoti yoyera, yongotha kumene usinkhu wa anapiye, nthenga zatsopano zikuphuka thupi lonse. Asilikali odutsa anayamba kusuzumira pampanda. Ena ankalowa n'kuloza imene akuifuna, ndipo panalibe wowakaniza. A Nangozo anaganiza zotsekera misoti yonse m'kanyumba ka malata kuseri kwa khitchini, kumene sikankaoneka kuchokera kumsewu. Ankadziwa kuti ndi kothina. Anati ndi kwa kanthawi, mpaka mmisiri adzawonjezere khola lina. Mmisiriyo asanabwere, a Ferumeru anaitanidwa ku Tete kukafunsidwa. Panali wina amene anawanenera kuti mankhwala a kuchipatala akufika kwa anyamata a kuthengo omenyana ndi Apwitikizi. Anapita ndi kachikwama kakang'ono, akuti abwera posachedwa. Sanabwere.

A Nangozo anadikira mpaka analephera kupirira. M'mawa wina anavala nsalu yakuda ndi nsapato kuti awatsatire ku Tete, nandipatsa makiyi onse, a nyumba, a khitchini ndi a makola. Sanandiuze zambiri. Anangoti ndizipereka masamba ambiri kwa misoti chifukwa matemba anali atatha ndipo kumsika sankabweranso. Anansi amene kale ankabwera kudzacheza pakhonde anasiya ngakhale kudutsa pafupi ndi mpanda. Nyumba ya munthu wotengedwa inali ngati ya wakhate.

Ndinatsala ndekha ndi nkhuku. Dzuwa la masiku amenewo, mvula isanagwe, linali loswa mtengo. Malata a kanyumba kaja ankalira okha chifukwa cha kutentha. Ndinkathira madzi pansi, ndinkamangirira masamba padenga kuti misoti izitanganidwa ndi kulumphira, koma ndinkaiona kuti ikusintha. Inkayenda uku ndi uku kukamwa kuli yasa, kukokana nthenga pang'onopang'ono. Ndinkachotsa umodzi lero, iwiri mawa, n'kuipaka mankhwala.

Tsiku lovutalo ndinachedwa kudimba. Masamba apafupi anali atatha, ndinatsikira kumunsi kwa mtsinje, ndipo pobwera ndinaima pachitsime pomwe panali mzere wautali. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Ndisanatule ndowa ndinamva kuti kulira kwa m'kanyumba kuja si kwa masiku onse. Kunali kuthamangitsana, kugunda zitini, ndi kulira kwina kosongoka kumene nkhuku imalira ikagwidwa ndi kabawi.

Nditatsegula chitseko ndinaima kaye. Lata limodzi la padenga linali litasunthika ndi mphepo, ndipo dzuwa linkalowa ngati mzati pakati penipeni pa chipinda. Nkhuku zoyera zija zinali zamawanga ofiira. Pakona panali mulu wa misoti ikulimbirana chinthu, ndipo nditaibalalitsa ndi phazi ndinapeza mnzawo atafa, matumbo atakokedwa kuchokera kumbuyo. Ina inali ndi mabala kumchira, ina pamsana, ina pamutu. Inkathamanga, zinzake zili pambuyo, ndipo yothamangitsa nayonso inali ndi bala lake limene ina inkalitsatira.

Ndinakoleza moto, n'kutereka madzi mumphika waukulu. Podikira kuti abwate ndinayamba kutulutsa yovulala, iwiriiwiri, n'kumaivundikira ndi chilichonse chimene ndinachipeza: madengu, malichero, mtondo wogoneka, ndowa yoboola. Zovundikira zitatha ndinatsegula nyumba ya a Nangozo, m'mene nkhuku sinkaloledwa ngakhale pakhomo, n'kuyamba kuika ina m'makatoni pabalaza. Ndinali nditagwada pakhonde, basiya ili patsogolo, msoti woyamba uli pamiyendo, pamene ndinamva belu la njinga kumpanda.

Anali achimwene a Matiyasi. Pakaliyala anamanga bulangete ndi kabokosi kawo ka zida. Sanandipatse moni wabwinobwino. Anandiuza kuti dzina lawo latuluka, akufunika kukaonekera mawa, ndipo anzawo awiri akuwadikira kumunda wa mapichesi kuseri kwa phiri. Akadutsa njira ya anthu onyamula katundu panjinga, yolambalala Kalomwe, ndipo ayenera kukhala atawoloka dzuwa lisanalowe, chifukwa kukada asilikali amaombera chilichonse choyenda. Amayi anali atavomera kuti nditsagane nawo.

"Tenga kamtolo kako, Rozina. Ndi lero."

Chimene ndinachilakalaka zaka zonse zija chinali chitaima pakhomo, chitagwira njinga, ndipo ine manja anga anali ofiira mpaka m'zigongono. Ndinawauza kuti andidikire pang'ono ndimalize. Anayang'ana madengu ali mbwee pabwalo, anasuzumira m'kanyumba muja, natukwana chapansipansi. Kenaka anatsamiritsa njinga kukhoma, napinda malaya, n'kundifunsa kuti agwire pati.

Tinayamba ntchito. Iwo ankagwira msoti mmene ndinawasonyezera, ine n'kumameta, kuzula nthenga zokha magazi, kutsuka, kukanikiza, kupaka. Madzi a m'basiya ankafiira msanga, ndinkataya kutali ndi khola n'kuthira ena. Thonje litatha ndinang'amba nsalu yoyera yakale n'kuiviika m'madzi obwata. Imene mabala ake anali akuya kumbuyo, matumbo akuonekera, sindinaivutitse. Ndinkangoipereka kwa achimwene, iwo n'kupita nayo kuseri ndi mpeni. Galimoto iliyonse ikadutsa pamsewu onse awiri tinkaima, kumvetsera ngati ikuchepetsa liwiro.

Panali msoti umodzi umene khungu lake la pamutu linang'ambika n'kulendewera kukhosi, fupa lili poyera. Maso ake anali bwinobwino, ndipo unkalimbana mwamphamvu. Ndinati nawonso upite kuseri. Achimwene anautembenuza, nauyang'anitsitsa, nati chikopa ichi n'chabwino, chikhoza kusokeka. Anatsegula kabokosi kawo, natulutsa singano yaing'ono ndi ulusi, tinaziponya m'madzi obwata. Ine ndinagwira mutu ndi zala ziwiri, iwo anabwezera khungu pamalo pake n'kusoka mosamala monga ankasokera nsapato za ana a sukulu, mfundo iliyonse payokha. Titamaliza ndinathira viyoleta mutu wonse, ndipo amenewo anali madontho omaliza a m'botolo.

Yovulala inali ikadalipo. Ndinakumbukira kuti a Nangozo ananenapo kuti amayi awo, viyoleta asanabwere, ankagwiritsa ntchito mwaye. Ndinakwera pampando m'khitchini, n'kupala mwaye wa kudenga, n'kuusakaniza ndi mafuta a nsatsi mpaka unakhala ngati phala lakuda. Bala ndinkalitsuka ndi madzi a mchere monga kale, kenaka n'kupaka phalalo mozungulira ndi pamwamba pake kuti kufiira kusaoneke. Achimwene anaika mpeni pamakala mpaka unafiira, ndipo tinagwira misoti ija ya milomo ya magazi, umodziumodzi, n'kuibunthitsa nsonga. Fungo lake linali ngati la nyanga yopsa.

Yotsalayo sindikanaibwezera mmene inalili. Achimwene anakwera padenga, nakonza lata, n'kuyala masaka onyowa ndi udzu pamwamba. Pazenera ndinapachika chiguduli kuti mukhale mdima pang'ono. Kenaka ndinachita chimene a Nangozo anali atachiletsa: ndinatsegula chitseko n'kutulutsa theka lake kumpanda. Ndinaganiza kuti msilikali akatenga, atenga imodzi kapena ziwiri, koma m'kanyumba muja zikanathana zokha.

Pamene tinkaweramuka, zithunzi za mitengo zinali zitatalika. Achimwene anasamba m'manja, natsitsa malaya, nati tiyeni tsopano, tachedwa kale. Ndinalowa m'chipinda changa n'kutulutsa kamtolo. Ndinafika nako mpaka pakhonde. Pabwalo ponse panali madengu, ndipo pansi pa dengu lililonse panali msoti wofunika madzi madzulo omwewo, kutsukidwanso m'mawa, kuthamangitsiridwa ntchentche kuti bala lisagwe mphutsi. Makiyi anali m'khosi mwanga pachingwe. Achimwene anati ndikawasiye kwa anansi. Ndinawafunsa kuti anansi ake ati, poti ngakhale mchere sabweranso kudzapempha. Anati nkhuku ndi nkhuku, ndipo mwini wakeyo sakudziwika ngati adzabwerere. Ndinati akadzabwerera amuna awo atatsala kumeneko, adzapeze chiyani pakhomo pano?

Anakwiya. Anandikumbutsa mmene ndinkawavutitsira, misozi imene ndinkalira kumsika, ndi kuti anzawo angakhale atawasiya chifukwa cha ine. Zonse zinali zoona. Ndinanyamulanso kamtolo, ndinayenda nawo mpaka pachipata cha mpanda, ndipo ndinaima pomwepo. Si kuti ndinaganiza mozama. Ndinangoona kuti sindingathe kutseka chipata chija kunja, ine ndili kumsewu.

"Pitani, achimwene. Mukafika mukanditumizire mawu, ndidzakutsatirani."

Anandiyang'ana, mkwiyo uja utawathera. Anandigwira pamutu monga ankachitira ndili mwana, nakwera njinga. Ndinawaona akutsika kanjira ka kumunda, kabokosi kakugwedezeka pakaliyala, mpaka anabisika m'mabulugama. Ndinabwerera n'kuyamba kuthira madzi m'zigoba pansi pa madengu, ndikulira, mamina ali chuchuchu, ndipo misozi ina inkagwera m'madzi omwewo.

Masiku otsatira anali oipa kuposa tsikulo. Sindinkadziwa ngati awoloka. Mfuti ikalira kumapiri ndinkasiya chimene ndikuchita n'kukaima pachipata. Ndinkayamba kudya n'kusiya. Chimene chinandigwira kuti ndisapenge ndi madengu aja. M'mawa uliwonse ndinkavundukula limodzilimodzi, kununkhiza bala, kutsuka limene latulutsa mafinya, kupakanso. Ina inafa ndithu, makamaka ya mabala a kumbuyo. Yambiri inachita nkhanambo. Wosokedwa mutu uja unatupa nkhope, diso limodzi n'kutsekeka, ndipo ndinkaumwetsa madzi ndi nthenga. Kenaka m'mawa wina ndinaupeza ukujompha misere wokha. Ulusi ndinauchotsa ndi tizola khungu litagwirana.

Msilikali mmodzi analowadi kumpanda sabata lomwelo, mnyamata wa tsitsi lofiirira, nkhope itapsa ndi dzuwa. Anaona nkhuku zina za mitu ya viyoleta, zina za misana yakuda bii, zina zometedwa. Anandifunsa m'Chipwitikizi kuti zatani. Ndinayankha kuti zili pa mankhwala. Anabwerera chambuyo, akupukuta manja m'buluku ngakhale sanagwire kanthu, ndipo ayenera kuti anakauza anzake, chifukwa kuchokera tsiku limenelo palibe amene anadzalozanso nkhuku pakhomo paja.

Mawu anafika kudzera kwa mayi wina wogulitsa mbatatesi: achimwene anawoloka, ali kwa abale athu kufupi ndi Dedza. Anzawo aja anali atawasiya, ndipo iwo anadutsa okha chisisira chitagwa. Njira ija inatsekedwa pasanapite nthawi. Zowatsatira zinathera pomwepo.

A Nangozo anabwera mvula yoyamba itagwa, ali okha, atawonda mpaka nsalu inkawazungulira kawiri. Sanalowe m'nyumba. Anatula kathumba kawo pakhonde n'kupita kumpanda. Anatola misoti umodziumodzi, kuitembenuza, kupatula nthenga, kuyang'ana zipsera. Atafika pa wosokedwa uja anayendetsa chala pamzere wa ulusi n'kundifunsa kuti ndani wachita zimenezi. Ndinawauza zonse, za lata, za mwaye, za kutulutsa nkhuku kunja, ndi za achimwene. Anakhala pansi pamtondo, msoti uli pamiyendo.

"Ukanapita, mwana wanga, sindikanakuimba mlandu," anatero. Kenaka anandiuza kuti ndikatereke madzi, asambe.

A Ferumeru anatulutsidwa patapita miyezi yambiri. Anabwera khutu limodzi losamva, ndipo kuchipatala sanawalandirenso. Nthawi yonseyo, ndi pambuyo pake, pakhomo paja tinkadya chifukwa cha mazira a misoti imene ija. Inayamba kuikira chimanga chikumasula, ndipo inaikira bwino, ya zipsera yomwe. Ine ndinakhalabe kwa a Nangozo mpaka ndinakwatiwa. Sindinganene kuti mtima unakhala pansi. Galimoto zopita ku Kalomwe ndinkazimvabe, ndipo panali masiku amene ndinkadana ndi nkhuku zija, kuziyang'ana ngati ndi zimene zinanditsekera njira. Kusoka pamakina sindinaphunzire. Blantyre ndinadzamuona ndili kale ndi zidzukulu.

Achimwene anabwerako ufulu utabwera, ali ndi mkazi wa ku Malawi ndi mwana kumsana. Anali atanenepa, ndevu zitamera, ndipo ndinawazindikira ndi kayendedwe. Anthu anadzaza pakhomo pa amayi, nthungululu, kulira, kufunsana za amene anamwalira. Atapeza mpata anandikokera pambali. Ndinkayembekezera kuti andidzudzula, kapena andiuza zimene ndinaphonya. Anatsitsa mawu ngati akufunsa za munthu wodwala.

"Kodi ija tinasoka mutu ija, inachira?"

Ndinawauza kuti inachira, inaikira mazira mpaka kukalamba, ndipo a Nangozo anakana kuti iphedwe. Anaseka mpaka anagwira mawondo, n'kuitana akazi awo kuti adzamve okha, chifukwa zaka zonsezo ankawasimbira nkhaniyi ndipo iwo sankakhulupirira.

Ndaweta nkhuku zanga moyo wanga wonse, ndipo achinyamata amabwera kudzafunsa mmene angayambire. Ndimawauza za khola lotakasuka, za mthunzi, za matemba ndi masamba, za madzi a mchere ndi kubisa magazi. Zimenezo amazigwira msanga. Chimene ndimachedwa nacho n'chakuti chamoyo sichidziwa kuti lero uli ndi ulendo. Chimadwala tsiku la ukwati, chimavulala tsiku la maliro, chimakufuna pa ola limene iwe ukufunika kwina. Ndimawauza kuti aganize zimenezo asanagule mwanapiye ngakhale mmodzi, chifukwa tsiku lotero lidzafika ndithu, ndipo likadzafika palibe amene adzawasankhire.